Mwachipulumutsa, koma chayamba kufooka: mavuto a mwezi woyamba pa malo osungirako ziweto

Pa malo osungirako ziweto zopulumutsidwa pali vuto limodzi limene limabwera mobwerezabwereza. Chiweto chimapirira njala kwa miyezi, chimapirira khola lothinana ndiponso ulendo wautali wa pa galimoto, kenako n'kudzafa sabata yoyamba kapena yachiwiri chili m'manja mwa anthu ochikonda. Udzu ulipo, madzi alipo, pogona ndi pouma. Osamalira amasweka mtima, ndipo ambiri amangoti chinabwera chitatha kale. Nthawi zina n'zoonadi. Koma imfa zambiri zoterezi zili ndi chifukwa chodziwika, ndipo kawirikawiri chifukwacho ndi changu chathu: timafuna kubweza m'masiku atatu zonse zimene chiwetocho chinamanidwa kwa chaka chathunthu.

Ntchitoyi yakhalapo nthawi yokwanira moti mavutowa akudziwika bwino. Elisabeth Svendsen anayamba kusunga abulu ku Devon, m'dziko la England, mu 1969, ndipo bungwe la The Donkey Sanctuary linabadwira pamenepo. Ku America, malo osungirako ziweto otchedwa Farm Sanctuary anayamba mu 1986, ndipo chiweto chawo choyamba chinali nkhosa imene Gene Baur ndi Lorri Houston anaipeza ikupumabe pa mulu wa mitembo kuseri kwa msika wa ziweto wa ku Lancaster, ku Pennsylvania. Nkhosayo, imene anaitcha Hilda, inakhalanso ndi moyo zaka zoposa 10. Chiweto chooneka ngati chatha chimatha kuchira, bola masiku oyambawo ayende bwino.

Musanafufuze vuto, mukhale ndi poyambira

Ng'ombe, nkhosa, mbuzi, nkhuku ndi abulu ndi nyama zimene mwachibadwa zimasakidwa ndi zilombo, ndipo zimabisa matenda. Pamene mukuona ndi maso kuti chadwala, chimakhala kuti chayamba kale masiku angapo. N'chifukwa chake tsiku lofika muzilemba zonse: kulemera kwake, kutentha kwa thupi, mtundu wa mkati mwa chikope, maonekedwe a ndowe, mabala, kayendedwe, ndi chakudya chimene chinkadya kumene chachokera. Jambulaninso zithunzi mbali zonse.

Kutentha kwa thupi kumasiyana kwambiri. Ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3, mbuzi ndi nkhosa pakati pa 38.5 ndi pafupifupi 40, nkhumba pafupifupi 39, nkhuku pafupifupi 41, pamene bulu amakhala pafupifupi 37. Kutentha kumene kuli kwabwinobwino kwa mbuzi, kwa bulu ndi matenda aakulu. Yezani m'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi kwa masabata awiri oyamba. Ndipo dokotala wa ziweto mupangane naye chiweto chisanafike. Amene amayamba kufunafuna nambala ya dokotala pakati pa usiku, ng'ombe itagona kale, amakhala atachedwa.

"Chinali kudya bwinobwino, lero chagwa"

Izi zimachitika ndi chiweto chimene chabwera nthiti zikuwerengeka, mafupa a m'chiuno atatuluka. Mtima umakuuzani kuti mudzaze chodyeramo. Chimadya mpaka kukhuta, aliyense n'kusangalala. Pakapita masiku 3 mpaka 7 chimayamba kunjenjemera, miyendo imakana, chimapuma movutikira, kenako chimagona osadzukanso.

Thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali limasiya kudalira shuga. Limadya mafuta ake, akatha limayamba minofu yake. Michere yofunika monga phosphorus, potassium ndi magnesium imakhala ikutha pang'onopang'ono, ngakhale magazi akayezedwa azioneka ngati ali bwino. Chakudya chambiri, makamaka cha mbewu, chikalowa mwadzidzidzi, shuga amakwera, thupi limatulutsa insulin wochuluka (timadzi totsitsa shuga m'magazi), ndipo insulin amakokera shuga m'maselo pamodzi ndi michere yotsala ija. M'magazi mumatsala mochepa kwambiri, ndiye mtima ndi minofu yopumira zimalephera. Madokotala amati refeeding syndrome, ndipo imagwiranso anthu amene akhala nthawi yaitali osadya.

Njira yake ndi yowawa kwa wosamalira, chifukwa chiweto chimakhala chikukuyang'anani ndi njala inu mukuchipatsa pang'ono. Akatswiri a ku University of California, Davis, amene anafufuza za mahatchi ofooka ndi njala, amalangiza kuti masiku atatu oyamba hatchi izipatsidwa udzu wouma wa lucerne wokwana pafupifupi theka la kilogalamu maola 4 alionse, usana ndi usiku. Kuyambira tsiku lachinayi mpaka la 10 mlingo uzikwera pang'onopang'ono, ndipo chakudya cha mbewu chisapezekepo n'komwe. Kuti hatchiyo ibwerere m'thupi mwake pamatenga miyezi 3 mpaka 5. Mlingo umasintha malinga ndi mtundu wa chiweto ndi kukula kwake, koma mfundo ndi imodzi kwa zonse: udzu choyamba, pang'ono, pafupipafupi. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti kuthamanga sikufika umagwira ntchito kwenikweni.

Ngati chagwa kale, chepetsani chakudya ndipo itanani dokotala kuti ayeze magazi ndi kubwezeretsa michereyo. Poyembekezera, chiyalireni udzu wouma wambiri, chifunditseni ngati chazizidwa, ndipo muzichitembenuza maola angapo alionse kuti minofu ya mbali imodzi isafe ndi kulemera kwa thupi. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa musaisiye itagona cham'mbali. Ikhazikeni pa chifuwa, muichirikize ndi mitolo ya udzu, chifukwa ikagona cham'mbali mpweya wa m'chifu sutuluka.

Chasiya kubzikula, kapena mimba yatupa kumanzere

Ziweto zobzikula zimakhala ndi moyo chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso timene tili m'chifu chachikulu, ndipo tizilomboti timazolowera chakudya chimene tapatsidwa. Mukasintha chakudya lero ndi lero, mumatisokoneza. Chimanga kapena tirigu wambiri amawira msanga m'chifu, asidi amachuluka, pH (muyeso umene umatsika asidi akamachuluka) imene imayenera kukhala pakati pa 6 ndi 7 imatsika kupitirira 5.5, ndipo chifu chimaima.

Imani kumanzere kwa chiweto. Kuseri kwa nthiti yomaliza, kutsogolo kwa fupa la m'chiuno, pali kamalo kolowa mkati. Kanikizanipo chibakera mofatsa, mudikire. Chifu chathanzi chimakankha dzanja lanu kamodzi kapena kawiri pa mphindi, ndipo mukayika khutu mumamva kugunda kwapansipansi. Ngati papita mphindi ziwiri kuli zii, chifu chaima. Ngati kamaloko kadzaza mpaka kutumphuka ndi kulimba, ndiye kuti mpweya watsekeredwa mkati, ndipo zimenezi zimapha m'maola ochepa chifukwa chifu chimapanikiza mapapo. Chotsani mbewu zonse ndi msipu wanthete, siyani udzu wouma wokha, chiimikeni miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera, ndipo dokotala abwere nthawi yomweyo. Musathire mafuta kapena madzi kukamwa kwa chiweto chimene chikulephera kumeza, chifukwa zikalowa m'mapapo mwawonjezera chibayo pa vuto lomwe linalipo kale.

Kupewa kwake n'kosavuta: funsani chimene chinkadya, pitirizani nacho, ndipo musinthe pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu. Chiweto chimene chakulira m'khola musachitulutse pa msipu wobiriwira tsiku lonse. Chidye udzu wouma kaye, kenako chituluke ola limodzi, mawa lake awiri. Kusintha kwadzidzidzi kumadzutsanso bakiteriya wa Clostridium perfringens m'matumbo a nkhosa ndi mbuzi, ndipo poizoni wake amapha mofulumira moti nthawi zambiri mumangopeza mtembo m'mawa. Katemera wake alipo, ndipo ndi mmodzi mwa oyamba kukambirana ndi dokotala.

Pa malo pamene ziweto za mitundu yosiyanasiyana zimakhala pamodzi pali misampha ina iwiri. Nkhosa sizipirira mchere wa kopa ukachuluka: zikamadya chakudya chopangira ng'ombe kapena nkhumba, kopayo amaunjikana m'chiwindi mwakachetechete, kenako tsiku lina maso amasanduka achikasu, mkodzo n'kuda. Ndipo mbuzi kapena nkhosa yaimuna yofulidwa ikamadya mbewu zambiri imachita timiyala m'chikhodzodzo. Mukaiona ikudzikoka, ikulira, ikukankha koma mkodzo ukungodontha kapena osatuluka, musaganize kuti yadzimbidwa. Njira ya mkodzo yatsekeka, ndipo chikhodzodzo chikhoza kuphulika pasanathe masiku awiri.

Nkhumba ikuzungulira, ikugunda khoma, ikugwa khunyu

Funso loyamba ndi lakuti inakhala nthawi yaitali bwanji osamwa madzi. Nkhumba ikasowa madzi, mchere wa sodium umachuluka m'magazi ndi mu ubongo. Ikapeza madzi n'kumwa ambiri nthawi imodzi, madziwo amathamangira mu ubongo ndipo ubongo umatupa. Imayamba kuyenda ngati yakhungu, kukanikiza mutu pakhoma, kukhala pansi ngati galu, kenako kugwa khunyu mobwerezabwereza. Nkhumba imene yapezeka itasiyidwa pa famu popanda madzi, kapena yatsika pa ulendo wautali, ipatseni madzi ochepa pafupipafupi kwa maola ambiri, mpaka ludzu lithe pang'onopang'ono. Chidebe chodzaza chidikire.

Nkhumba situluka thukuta lokwanira kuziziritsa thupi, choncho matope ndi mthunzi n'zofunika monga chakudya, ndipo nkhumba zoyera zimapsa ndi dzuwa. Vuto lake lalitali ndi kunenepa. Nkhumba za pa famu zimaphedwa zili ndi miyezi pafupifupi 6, zikulemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo pang'ono. Zikasiyidwa ndi moyo zimapitiriza kukula mpaka makilogalamu 300 kapena kupitirira, pa miyendo imene sinapangidwire katundu wotero. Mukayamba kuidyetsa mwachifundo lero, mudzaipeza ikulephera kudzuka isanafike pa ukalamba. Chakudya chake chiziyezedwa kuyambira sabata yoyamba.

Mbuzi kapena nkhosa ikudya koma ikufookerafookera

Igwireni mofatsa, kanikizani chikope cham'mwamba ndi chala chachikulu, kokerani cham'munsi pansi, muone mtundu wa mkati mwake pa kuwala kwa dzuwa. Kufiira ndi thanzi. Kukatuwa, magazi achepa, ndipo kukayera ngati pepala chiwetocho chili pafupi kufa. Njirayi, yotchedwa FAMACHA, inapangidwa ku South Africa, ndipo khadi lake lili ndi mitundu 5, kuyambira 1 wofiira mpaka 5 woyera. Pansi pa chibwano pakatupa ngati muli madzi, ndi chizindikiro cha vuto lomwelo.

Kawirikawiri woyambitsa ndi nyongolotsi yotchedwa Haemonchus contortus, imene imayamwa magazi m'chifu. Imodzi imayamwa pafupifupi mamililita 0.05 pa tsiku, zimene zikuoneka zochepa, koma zikakhala 5,000 zimachotsa kota ya lita tsiku lililonse, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande pa tsiku. Nthawi zambiri chiwetocho sichitsegula m'mimba, n'chifukwa chake ambiri saganizira za nyongolotsi. Mankhwala alipo, koma m'maiko ambiri nyongolotsizi zinasiya kumva ena mwa iwo chifukwa choperekedwa mwachisawawa. Ndowe ziyezedwe musanapereke mankhwala, ndipo ziyezedwenso pakapita masiku 10 mpaka 14 kuti mudziwe ngati agwira. Kufikira pamenepo chiweto chatsopano chisaponde msipu wa zinzake, chifukwa chikangotayapo mazira a nyongolotsi zosamva mankhwala, mudzalimbana nazo kwa zaka.

Mwana wa ng'ombe akutsegula m'mimba

Ana a ng'ombe aamuna ochokera m'mafamu a mkaka amafika kawirikawiri ali ndi masiku ochepa, ndipo ambiri sanayamwe mokwanira mkaka woyamba, uja wachikasu wokhuthala. Mwana wa ng'ombe amabadwa wopanda chitetezo cha m'thupi, ndipo amachipeza mu mkaka umenewu. Amafunika wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake m'maola 6 oyamba, ndipo pakatha maola 24 matumbo amasiya kulowetsa chitetezocho. Amene wafika kwa inu pa tsiku lachitatu, mwayi umenewo unadutsa, choncho muzimuona ngati wodwala ngakhale akudumphadumpha.

Chimene chimapha pa kutsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Tsinani khungu la pakhosi, mulisiye. Likachedwa kubwerera, maso n'kulowa mkati, madzi atha. Mupatseni madzi a mchere ndi shuga opangira ana a ng'ombe pakati pa nthawi zoyamwa, ndipo mkaka musausiye, chifukwa madzi okhawo alibe mphamvu yokwanira. Akasiya kuyamwa chala kapena kulephera kuima, wafika pofunika dilipi. Gwiraninso mchombo tsiku lililonse: ukatupa ndi kutentha, matenda alowa, ndipo amatha kufalikira m'mawondo. Wozizidwa mumutenthetse kaye musanamudyetse.

Nkhuku zochokera m'timakola ta waya

Apa ndi pamene anthu ambiri amayambira ntchito yopulumutsa ziweto, chifukwa nkhuku ndi yaing'ono ndipo imapezeka mosavuta. Bungwe la British Hen Welfare Trust, limene Jane Howorth anayambitsa mu 2005, lapezera kale mabanja nkhuku zoposa 1 miliyoni. Komabe nkhuku yoikira ya pa famu ndi chimodzi mwa ziweto zosalimba kwambiri zimene mungalandire.

Nkhuku yakutchire imene ndi kholo lake imaikira mazira ochepa chabe pa chaka. Ya pa famu imaikira pafupifupi 300, ndipo chikamba cha dzira lililonse chimatenga pafupifupi magalamu 2 a calcium. Chakudya chikalephera kukwaniritsa, thupi limachotsa m'mafupa. Ikamafika masabata 72 kapena kuposerapo, nthawi imene mafamu ambiri amazichotsa, mafupa ake amakhala atapepuka, ndipo zambiri zimakhala zitathyoka fupa la pachifuwa. Musainyamule pogwira miyendo. Ikani manja onse pa mapiko, muikumbatire pathupi panu. Mtanda wogonapo ukhale pafupi ndi pansi, kapena usakhalepo kaye, chifukwa kudumpha kamodzi kokha kumatha kuthyola mwendo.

Muikeni pansi nkhuku yotere, muione. Imaima pamalo amodzi, khosi lopanda nthenga, lipombo lotuwa litagwera pa diso, zikhadabo zazitali zitapindika. Imakweza phazi limodzi n'kulisiya m'mwamba nthawi yaitali isanaponde, chifukwa dothi siilidziwa. Timakola takale timene maiko a European Union analetsa mu 2012 tinkapatsa nkhuku iliyonse malo a masikweya sentimita 550, osakwana ngakhale pepala la A4, ndipo m'maiko ambiri timakola totere tikugwirabe ntchito. Nkhuku yokulira m'menemo siidziwa kubisala mvula, siidziwa kulowa m'khola madzulo, ndipo bwalo lalikulu limaiopsa. Masiku oyamba ikhale pamalo aang'ono otchingidwa, ndipo madzulo muziilowetsa ndi manja mpaka izolowere.

Ikakana kudya, yang'anani mlomo. Zambiri zinadulidwa mlomo zili anapiye, ndipo zimavutika kutola chakudya pamalo osaya. Ikani chakudya chonga chimene inazolowera, cha nkhuku zoikira, m'mbale yakuya, ndipo poyamba mukhoza kuchinyowetsa pang'ono. Muvikenso mlomo wake m'madzi, chifukwa mwina inkamwera pa timipopi ndipo chidebe siichidziwa. Tambala akhale kutali kufikira nthenga za pamsana zitamera, ndipo iliyonse imene yatuluka magazi ichotsedwe msanga chifukwa zinzake zimajompha pofiira osaleka. Zikamatuwa ndi kukana kulowa m'khola usiku, pitani ndi tochi mukayang'ane m'ming'alu ya matabwa: tizilombo tofiira toyamwa magazi timabisala m'menemo masana.

Chimene chimapha nkhuku zambiri zoterezi pakapita miyezi ndi njira yoberekera. Mukaona nkhuku yaima chowongoka, mchira uli pansi, mimba yatupa ndi kulemera, kawirikawiri ndiye kuti za m'dzira zatayikira m'mimba ndipo zayambitsa matenda, kapena muli chotupa. M'maiko ena madokotala amaika pansi pa khungu kamankhwala ka deslorelin kamene kamaimitsa kuikira kwa miyezi ingapo kuti thupi lipume. Ine ndimaona kuti pa malo opulumukirako, nkhuku imene yasiya kuikira ndi imene yapeza mpumulo, ndipo palibe chifukwa choikakamiza ndi magetsi a usiku.

Nkhuku za nyama zili ndi vuto lina. Kafukufuku wa ku University of Alberta, wofalitsidwa mu 2014, anaonetsa kuti pa masiku 56 nkhuku ya mtundu wa mu 1957 inkalemera magalamu pafupifupi 900, pamene ya mtundu wa mu 2005 inkapitirira makilogalamu 4. Zimaphedwa zili ndi masabata 5 mpaka 7, ndipo zikapitirira pamenepo mtima ndi miyendo zimalephera kunyamula thupi. Njala yawo siitha, choncho chodyeramo chodzaza tsiku lonse chimazipha. Zipatseni chakudya choyeza kawiri pa tsiku, masamba ambiri, pogona pofewa ndi pozizira. Ikayamba kupuma yasamula, lipombo n'kuda, mimba n'kudzaza madzi, mtima wayamba kulephera.

Bulu wangoti ndwii

Bulu sasonyeza ululu. Akangoima mutu pansi, akutola chakudya n'kuchisiya, muzitenge ngati ngozi. Bulu akasiya kudya, thupi limathira mafuta ochuluka m'magazi, chiwindi n'kulephera, ndipo matendawa, otchedwa hyperlipaemia, amapha ambiri. Ulendo, malo achilendo kapena kusiyanitsidwa ndi mnzake wapamtima zimakwanira kuwayambitsa. Abulu awiri ogwirizana muwatenge pamodzi, ndipo mmodzi akafa, lolani winayo akhale ndi mtembowo kwa kanthawi.

Zayamba kudwala ndi zakale

Ngati patatha sabata kapena awiri chilandirireni chatsopano zoyamba kudwala ndi ziweto zimene munali nazo kale, ndiye kuti kupatula kunalephera penapake. Malo ambiri amapatula chiweto chatsopano kwa masiku osachepera 30, m'khola lakutali ndi ena, lokhala ndi zidebe zake, fosholo yake, nsapato ndi zovala zakezake. Wosamalira ayambe ndi zakale, amalize ndi zatsopano. Fufuzani pamene panadutsira: madzi oyenderera kuchokera khola lina kupita lina, mpanda umene ziweto zimagundanirapo mphuno, wilibala imodzi, kapena mlendo amene wasisita zonse.

Pali matenda amene sali a inu nokha. Chitopa ndi chimfine cha mbalame zimatha kumaliza nkhuku zonse m'masiku ochepa. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo kachilombo kake kamakhala miyezi mu nyama ya nkhumba, n'chifukwa chake zotsala za kukhitchini zisamapite kwa nkhumba. Mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi umene unagwa ku Britain mu 2001 unayambira pa famu imene nkhumba zinkadya zotsala zosaphika, ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Mukaona ziweto zingapo zikufa motsatizana, matuza m'kamwa ndi pakati pa ziboda, kapena dovu losalekeza, tsekani chipata, chiweto chisatuluke kapena kulowa, ndipo dziwitsani a boma oona za ziweto. Kubisa n'cholinga choteteza ziweto zanu kumaika pangozi ziweto za dera lonse, ndipo kumawononga mbiri ya onse ochita ntchitoyi.

Dokotala sanapeze matenda, koma sichikudya

Nkhosa ikakhala yokha imachita mantha mpaka kusiya kudya, chimodzimodzinso mbuzi ndi ng'ombe. Zimene zachokera pamalo amodzi zipatulidwe pamodzi, ndipo chimene chabwera chokha chiikidwe pamene chingaone ndi kumva zinzake chapatali. Chimene chinamenyedwa chimaopa manja, ndodo, mawu okweza, mwinanso chipewa. Musachikakamize kusisitidwa. Khalani pansi chapafupi, cham'mbali, osachiyang'ana m'maso, pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo chidzabwera chokha. Alendo ndi ojambula adikire kaye.

Masiku opatula akatha, musangotsegula chitseko. Zionane kudzera pa mpanda kwa masiku angapo, kenako zikumane pa bwalo lalikulu lokhala ndi pothawira, zodyeramo zili zingapo motalikirana. Nkhumba zimamenyana ndithu pofuna kudziwa wamkulu, ndipo zikhoza kuvulazana kwambiri, choncho pakhale munthu ndi thabwa lozilekanitsira, ndipo kukhale kozizira. Zazimuna zikhale zitafulidwa kale kapena zikhale padera. Malo opulumukirako akayamba kuswetsa ziweto, malo a zimene zikudikira kunja amachepa.

Pamene vuto ndi malowo

Nthawi zina mavuto onsewa amagwa pamodzi, mwezi ndi mwezi, ndipo gwero lake limakhala lakuti malo alandira zoposa mphamvu zake. Khola lopatulira limakhala lodzaza nthawi zonse, msipu wasanduka matope, ngongole ya dokotala ikukula, osamalira atopa moti sakuonanso mbuzi imene yaima payokha. Ng'ombe imakhala zaka 15 mpaka 20, nkhumba zoposa 10, bulu zoposa 30, ndipo kulandira chiweto ndi kulonjeza zaka zonsezo. Kukana n'kowawa, koma malo amene sadziwa kukana amatha n'kukhala malo amene ena amadzapulumutsako ziweto. Dziko lonse lapansi limapha ziweto za pamtunda zoposa 70 biliyoni pa chaka, ndipo palibe malo amene angathetse zimenezi ndi makola. Mphamvu ya malo otere ili pa kusamalira bwino zochepa zimene ali nazo, ndi kuuza anthu zoona za kumene zachokera.

N'chifukwa chake zolemba zija za tsiku loyamba n'zofunika kawiri. Pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti mwini wake wachipereka, kapena kuti apolisi kapena khoti achiika m'manja mwanu, komanso chilolezo chosamutsira chiweto kumene lamulo limachifuna, zimakutetezani tsiku limene wina adzabwere kudzati n'chake. Ndipo mukamalankhula ndi opanga malamulo, alimi kapena ana a sukulu, lipoti la dokotala lonena za mafupa othyoka ndi zithunzi zokhala ndi madeti zimamveka kuposa mawu aukali. Nenani zimene munaona ndi kuyeza, osawonjezera.

Chiweto chikafa m'mwezi woyambawu, musathamangire kuchikwirira. Pemphani dokotala achitsegule tsiku lomwelo, thupi lisanayambe kuwonongeka, aone chifu, chiwindi, mapapo ndi mtima. Zotsatira zake zikuuzani ngati vuto linachokera nacho kutali kapena linayambira pa chodyeramo chanu, komanso ngati zinzake zimene chinabwera nazo zikufunika chithandizo usiku womwewo. Kufikira yankho litabwera, khola lake likhale lotseka, ndipo masiku opatula a zotsalazo ayambirenso pa 1.